Kalumo ka Mlendo

Kale munda ukamukulira munthu, sankakhalira kudandaula. Ankaviika chimera, kuphika thobwa kapena kufulula mowa, kenako n'kumema anansi kuti tsiku lakutilakuti kuli dima. Anthu ankalawirira ndi makasu paphewa, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo udzu wonse unali utagona. Kuthokoza kwake sikunkavuta, poti ntchito inkaoneka ndi maso: mizere ndi iyo, thukuta ndi ilo. Mwini munda ankatulutsa mitsuko, kugwada, kuomba m'manja. M'mawa mwake akakumana ndi mmodzi wa olima aja panjira ya kumadzi, ankaimanso n'kunena kuti, "Zikomo pa zadzulo zija."

Lero m'boma la Mambwe, kum'mawa kwa Zambia, kuli dima lina limene olima ake sabwera ndi khasu. Ena amabwera ndi laputopu m'chikwama. Ena sabwera n'komwe, amalimira kwawo komweko, ku Lusaka, ku London kapena ku Minneapolis, madzulo akaweruka kuntchito. Awa ndi anthu amene nsima yawo amaipeza m'manambala: maakauntanti, akatswiri a ziwerengero, ojambula mapu pa kompyuta, oyeza zakudya m'mafakitale. Luso lawolo amalipereka ulere ku masukulu ndi ku mabungwe othandiza anthu. Koma akamaliza palibe mzere woloza. Womanga kalasi dzina lake limapakidwa penti pakhoma, wokumba mjigo amamuikira chikwangwani. Nanga amene anakhala masabata atatu akulongosola buku la ndalama la komiti ya sukulu, mpaka ngwee iliyonse itapeza lisiti lake, tidzamulemba pakhoma liti?

Zalowa zingati, zapita kuti?

Wina angafunse kuti dera la kumudzi ngati limeneli lifuniranji anthu a manambala. Mambwe ali m'chigwa cha Luangwa, chimene eni ake, Akunda, amachitcha Malambo, ndipo dera la phungu wa kunyumba ya malamulo limadziwikanso ndi dzina lomweli. Mafumu ake ndi asanu ndi mmodzi: Nsefu, yemwe ndi wamkulu, Kakumbi, Mnkhanya, Jumbe, Msoro ndi Malama. Kutsidya kwa mtsinje kuli South Luangwa National Park, nkhalango ya masikweya kilomita 9,050 imene inakhala paki mu 1972. Tsidya lino, kumene kuli midzi ndi minda, ndi Lupande Game Management Area, kumene anthu ndi nyama amapondana mapazi, nthawi zina mwamtendere, nthawi zambiri ayi.

Mu 1950, Norman Carr, mzungu wobadwira ku Chinde m'dziko la Mozambique, anagwirizana ndi Mfumu Nsefu kuti mbali ina ya dziko lake ipatulidwe ikhale ya nyama, alendo azilipira podzaona, ndalamazo zizipita kwa anthu a mfumuyo. Chiyambire pamenepo, funso limodzi silinasamuke m'chigwachi: zalowa zingati, ndipo zapita kuti?

Alendo odzaona nyama anabwera ndi zambiri kuposa makamera. Carr yemweyo mu 1986 anayambitsa Kapani School Project yolipirira ana sukulu. Steve ndi Anna Tolan, amene kwawo ku England anali apolisi, anatsegula malo ophunzitsira ana za chilengedwe otchedwa Chipembele mu 2001. Mu 2003 kunabadwa bungwe limene lero ndi Conservation South Luangwa, lolondera nyama ndi kuchotsa misampha. Eni maloji anasonkhana n'kukhazikitsa Project Luangwa yothandiza masukulu, ndipo iwo omwewo ali ndi thumba limene limabweretsa dokotala wodzipereka, amene amakhala miyezi ingapo akuthandiza pa chipatala chaching'ono cha Kakumbi.

Mabungwe otere si zimphona. Ambiri ali ndi antchito owerengeka, galimoto imodzi kapena ziwiri, ndi kaofesi kotentha ngati uvuni mu Okutobala. Sangakwanitse kulemba ntchito katswiri wa ziwerengero. Koma amene amawatumizira ndalama amafuna lipoti, ndipo salakwa. Mlendo amene anasiya ndalama zake atachita chidwi ndi mwana wina pa sukulu ya Yosefe kapena ya Kawaza amafuna kudziwa ngati mwanayo akadali pasukulu. Boma nalo linawonjezera mapepala. Kuyambira Januwale 2022 maphunziro ndi aulere mpaka kusekondale, ndiye kuti sukulu zimayendera ndalama zochokera ku boma, zimene ziyenera kulongosoledwa. Chaka chomwecho thumba la chitukuko la CDF linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu. Amene akufuna kutapako, kaya n'kalasi yatsopano kaya ndi basale ya mwana, ayenera kubwera ndi umboni wolembedwa. Kulira kokha sikukwana.

Mu ofesi ya ahedi

Tiyeni tilowe mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu pa sukulu iliyonse ya pulayimale m'chigwamu, tione mmene ntchitoyi imayendera ikafika pansi penipeni. Pakona pali mulu wa marejisitala a zaka zingapo, osanjikidwa pa njerwa kuopa chiswe. Tsamba lililonse ladzaza ndi timizere ndi tiziro: anabwera, anajomba, anabwera. Aphunzitsi analemba zonsezi mokhulupirika m'mawa uliwonse, koma palibe amene anapezapo mpata woti awerenge mabuku onsewo pamodzi. Angaupeze kuti, kalasi imodzi ili ndi ana osefukira mpaka pakhomo?

Tinene kuti kwabwera mayi wina, akauntanti wa kampani ya m'tauni, amene wapereka tchuthi chake. Sabata yoyamba sachita chozizwitsa chilichonse. Amakhala ndi achiwiri kwa ahedi, mmodzi akuwerenga mokweza, wina akulowetsa mu Excel, batire ya sola ikatha n'kudikira mawa. Apa m'pamene mlendo amazindikira kuti payekha sangathe kanthu. Mwana mmodzi walembedwa katatu: chaka china ndi dzina la ubatizo, chaka china ndi la pakhomo, chaka chinanso ndi chiwongo cha amalume amene anamutenga mayi ake atamwalira. Kompyuta imati awa ndi ana atatu, awiri anasiya sukulu. Achiwiri kwa ahedi amangoseka: "Iyayi amayi, ameneyu ndi mmodzi, ndi uyo akusesa panjapo." Amene amagwira ntchito ya manambala amadziwa kuti nthawi yambiri imathera pa kupeta kotereku, kuchotsa mankhusu, osati pa kuwerengera.

Kupeta kukatha, tsamba limayamba kuyankhula. Ana a midzi ya kutsidya kwa kamtsinje amasowa mu Januwale ndi Febuluwale, madzi akadzaza. Chimanga chikayamba kukhwima, anyamata amachepa m'makalasi a m'mawa, chifukwa agona kumsasa akuimba zitini kupirikitsa njovu, kapena makolo awaletsa kunyamuka mpaka dzuwa litakwera poopa kukumana nazo panjira. Atsikana a makalasi a m'mwamba amajomba masiku angapo otsatizana mwezi ndi mwezi.

Ahedi akaona gilafu yoyamba, kawirikawiri amayankha mwaulemu kuti, "Zimenezi timazidziwa kale, amayi." Ndipo sanama. Chimene analibe ndi kuchuluka kwake: ana angati, a midzi iti, masiku angati pachaka. Kunena pamsonkhano wa komiti ya chitukuko ya wadi kuti "ana athu amavutika kuoloka" n'chimodzi. Kuika patebulo pepala losonyeza masiku a sukulu amene ana a midzi itatu anataya m'dzinja lapitali n'china. Loyambalo anthu amagwedezera mitu, lachiwirilo mlembi amalilowetsa mu mfundo za msonkhano. N'chimodzimodzi ndi nkhani ya atsikana. Project Luangwa imasoketsa mapadi ochapa otchedwa Ufulu, ndipo bungwe lililonse logawa zinthu zotere limafunsidwa tsiku lina kuti, kodi kujomba kunachepa? Yankho lake lili m'marejisitala aja a pa njerwa.

Nthawi zina manambala amatsutsa zimene mudzi wonse umakhulupirira, ndipo apa m'pamene pamafunika mtima. Aliyense angakhale akuloza njovu, koma buku n'kusonyeza kuti ana amasowa kwambiri nyengo yothyola thonje, pamene makolo omwewo amawatengera kumunda. Njovu siibwera kumsonkhano kudzadziteteza, ndiye n'njosavuta kuiimba mlandu. Akulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Sanati kalumoko sikapweteka.

Chiponde ndi anthu a ku Minnesota

Chitsanzo chodziwika bwino cha dima la kutali chili m'botolo la chiponde. Bungwe la COMACO, limene Dale Lewis anayambitsa mu 2003, linabadwira m'chigwa cha Luangwa momwemu. Lewis ndi wa ku America, anabwera kudzafufuza za njovu, koma m'kupita kwa zaka anaona kuti wotchera misampha nthawi zambiri ndi mlimi amene nkhokwe yake yatha mvula isanagwe. Ndiye anapangana ndi alimi kuti: perekani mfuti ndi mawaya, limani mosamala nthaka, ife tizikugulani mtedza, mpunga, soya ndi uchi pa mtengo wabwino. Zokololazo amazikonza n'kuzigulitsa m'masitolo ndi dzina lakuti It's Wild!

Koma chiponde cha mumtondo, chodyera pomwepo, n'chosiyana ndi chiponde choti chikakhale miyezi pa shelefu ku Lusaka. Mtedza ukauma mosakwanira umagwira chuku, ndipo chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, wosaoneka ndi maso koma wowononga chiwindi. Mafuta akayandama pamwamba pa botolo, wogula amaganiza kuti chaola. Palinso funso limene limasowetsa tulo aliyense wolowa bizinesi: botolo limodzi latidyera ndalama zingati, tikaphatikiza dizilo wa lole imene inakatenga mtedzawo kumidzi ya msewu woipa?

Cha mu 2008, antchito a General Mills, kampani yaikulu yopanga zakudya ya ku Minneapolis m'chigawo cha Minnesota, anayamba kupereka nthawi yawo kuthandiza makampani ang'onoang'ono a zakudya mu Africa, ndipo COMACO inali m'gulu la oyamba kuthandizidwa. Ntchitoyo inakula n'kukhala bungwe la Partners in Food Solutions, limene makampani ena monga Cargill, DSM ndi Bühler analowamo. Mavolontiya ake ambiri amathandiza ali kwawo, pa foni ndi pa intaneti. Injiniya ali pa desiki yake, kunja kukuzizira koopsa, amalandira zithunzi za makina ndi zotsatira za ku labu, n'kubweza malangizo a ukhondo, kakonzedwe ka fakitale kapena kawerengedwe ka mtengo. Akatswiri a yunivesite ya Cornell nawonso anagwira ntchito ndi COMACO, ngakhale kuti awa anali pa kafukufuku wokhala ndi ndalama zake. Anayeza nthaka, zokolola, nyama za m'tchire ndi mabuku a bizinesiyo, ndipo zimene anapeza zinatuluka mu 2011 m'magazini ya sayansi ya PNAS.

Mayi wa ku Mnkhanya amene wagulitsa thumba lake la mtedza sadzamuona injiniya uja. Injiniyayo naye sadzalawa futali wa m'nyumba ya mayiyo. Zikomo wake adutsa njira iti?

Anthu otere tsopano ali ndi mabungwe awo padziko. Statistics Without Borders inayamba mu 2008, Accounting for International Development ya ku Britain, yotumiza maakauntanti ku mabungwe ang'onoang'ono, mu 2009, ndipo DataKind mu 2011. M'Zambia momwemu, ntchito ya Visualize No Malaria imene mabungwe a PATH ndi Tableau Foundation anayamba mu 2015 pamodzi ndi unduna wa zaumoyo inadalira akatswiri odzipereka kukonza mapu ndi magilafu osonyeza kumene malungo akubuka, makamaka kuchigawo cha kum'mwera. Koma manambala a m'mapuwo ankachokera kwa alangizi a zaumoyo a m'midzi, oyenda pa njinga ndi timafoni tawo. Mfundo imeneyi tiisunge, tikumana nayonso.

Ndevu za mkango

Mkango uliwonse uli ndi timadontho takuda pamlomo wa m'mwamba, pamene pamamera ndevu zake. Timadontho timeneti timayalana mosiyana pa mkango uliwonse, kumanzere kosiyananso ndi kumanja, ndipo sitisintha mpaka mkangowo utafa. Ukakhala ndi chithunzi chabwino cha nkhope, n'kuwonjezera zipsera ndi kung'ambika kwa makutu, ukhoza kunena motsimikiza kuti wamphongo amene wagona pamchenga leroyu ndi yemwe uja anaoneka kutali kumpoto chaka chatha. Akambuku amadziwika ndi mawanga awo, mimbulu ndi mathothomathotho a ubweya wake.

Bungwe la Zambian Carnivore Programme limawerenga zilombo za m'chigwachi mwa njira imeneyi. Koma asayansi ndi ochepa, tchire n'lalikulu. Gaidi amene amatuluka ndi alendo m'bandakucha ndi madzulo, chilimwe chonse, amakumana ndi mikango kambirimbiri. N'chifukwa chake bungweli limalandiranso zithunzi ndi malipoti kuchokera kwa magaidi ndi alendo awo: taona chakuti, pamalo akuti, tsiku lakuti. Gaidi amalipidwa kuti asangalatse alendo, osati kuti adzaze fomu. Akaidzaza, wapereka luso la ntchito yake ulere, chimodzimodzi akauntanti uja.

Zolemba zoterezi zikaunjikana zaka zambiri zimayankha mafunso olemera. Mu Januwale 2013 boma la Zambia linaimitsa ulenje wa mikango, ndipo chiletsocho chinakhala zaka zitatu. Kodi chinathandiza? Thandiwe Mweetwa, amene anakulira ku Mfuwe m'chigwa momwemu n'kukaphunzira mpaka ku yunivesite ya Arizona, anasanthula nkhaniyi pamodzi ndi anzake. Mu 2018 anafalitsa zimene anapeza: m'dera limene ankafufuza, mikango inachoka pa 116 mu 2012 kufika pa 209 mu 2015. Amene amakonda ulenje ndi amene amadana nawo akhoza kukangana mpaka kucha, koma tsopano akukangana pali nambala patebulo. Mayi Mweetwa, amene National Geographic inawasankha kukhala mmodzi wa Emerging Explorers mu 2016, ndi umboni wakuti kalumo kakuthwa sikachokera kutsidya kwa nyanja kokha. Kamasulidwanso pa Mfuwe pomwepa.

Ndipo kunena zoona, anthu a Malambo anayamba kalekale kuwerengerana poyera. Ntchito ya Luangwa Integrated Resource Development Project, imene dziko la Norway linkathandiza kuyambira m'ma 1980, inasintha kachitidwe kake mu 1996. Gawo lalikulu la ndalama zochokera ku ulenje wa alendo m'dera la Lupande linayamba kupita ku magulu a m'midzi otchedwa Village Action Group. Anthu ankasonkhana pabwalo, ndalama n'kulengezedwa aliyense akumva, msonkhano n'kugwirizana kuti zingati zilowe m'matumba a anthu, zingati zipite ku sukulu, ku chitsime kapena ku chipatala. Brian Child ndi Barry Dalal-Clayton, amene analemba mbiri ya ntchitoyi, anaona kuti ndalama zinkalongosoka bwino pamudzi, pamene maso anali ambiri, kuposa m'makomiti a pamwamba. Asungichuma ndi alembi a magulu amenewo anali alimi wamba, ena osapitirira pulayimale, olemba m'kope la ana asukulu ndi bolopeni yomangirira ku ulusi. Ngati tikufuna mavolontiya oyamba a manambala m'boma la Mambwe, ndi amenewo.

Zikomo wake

Mwambo wothokoza alendo ulipo kale, ndipo ndi wokoma. Tsiku lotsanzikana pamakhala nsima ya nkhuku ya lokolo, chitenje chokulunga bwino, mwina kansalu kojambula pamanja kogula ku Mfuwe, mawu a ahedi ndi a wapampando wa makolo. Zimenezi zisathe. Chimene ine sindigwirizana nacho ndi kutulutsa ana m'kalasi kuti aime padzuwa la m'chigwa maola awiri akudikira kuvinira munthu amene anabwera kudzawerenga masiku amene anawo amataya. Mlendo wanzeru amachita nazo manyazi.

Munthu wa manambala ali ndi njala ina imene nkhuku siithetsa. Iye amachoka asanaone chipatso. Womanga amajambula chithunzi cha kalasi yake n'kupita nacho, koma wosanthula amasiya fayilo, ndipo sadziwa ngati inatsegulidwanso. Ambiri amene anachitapo ntchito yotere amadandaula chinthu chimodzi chomwechi: anatumiza lipoti, analandira "zikomo kwambiri" wa mzere umodzi, kenako zii. Choncho kalata yothokoza imene imamufika pamtima si ya tsiku lotsanzikana. Ndi ya miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka pambuyo pake, yonena zinthu ndi mayina ake: pepala lija tinapita nalo ku ofesi ya maphunziro ya boma, anatiyankha zakuti, nthawi yolowera m'kalasi tinaisuntha m'miyezi ya njovu, pamfundo yakuti munalakwitsa, chifukwa simunadziwe kuti mudzi uja unasamuka. Ngakhale chomalizachi ndi kuthokoza. Katswiri weniweni amakondwa kumva pamene anaphonya, poti ndiye kuti wina anawerenga ntchito yake mpaka kumapeto.

M'malipoti a pachaka a mabungwe, tsamba lothokoza limakonda kusanja anthu motsata kukula kwa cheke. Amene anapereka masabata atatu a luso limene kampani ikanalipira ndalama zambiri amaiwalika, kapena amaponyedwa m'mawu akuti "ndi ena onse". Dzina lake liyenera kukhalapo, ndi ntchito imene anachita. Koma likalembedwa lokha, pamakhala bodza lina. Gilafu yokongola ija inamera pa timizere ta mphunzitsi wa giredi 4 amene anaitana mayina m'mawa uliwonse kwa zaka zisanu. Mapu a misampha anachokera kwa sikauti amene anagona m'tchire masiku khumi akulemba pamene wapeza waya uliwonse. Mlendo amatenga ulemu wonse chifukwa ndiye anabwera ndi laputopu, ndipo chifukwa, tinene mosabisa, khungu lake kapena Chingelezi chake chimatichititsa kugwada msanga. Tsamba lothokoza lolungama limatchula onse awiri, woperekera mtedza ndi wosinja.

Mawu akuti volontiya nawo amabisa kusiyana kwakukulu. Injiniya wa ku Minnesota akapereka maola ake, malipiro ake a mwezi amabwerabe. Msungichuma wa komiti ya sukulu akakhala tsiku lonse akuwerengera malisiti, munda wake wagona osapalira, ndipo palibe amene amubwezere tsikulo. Palinso achinyamata omaliza maphunziro ku University of Zambia kapena ku makoleji a ku Chipata amene amadzipereka m'mabungwe podikira ntchito. Kwa amenewa, satifiketi yokhala ndi maluwa m'mphepete siiposa kalata yowachitira umboni, yofotokoza bwinobwino zimene amatha, yosainidwa ndi kudindidwa, yoti akaipereke pofunsira ntchito. Ndalama ya thiransipoti ndi chakudya cha masana si malipiro, ndi thobwa la padima. Amene amaitana anthu kudzalima osaviika chimera, chaka chamawa amalima yekha.

Wothandizidwa alinso ndi ufulu wopempha, ndipo kupempha bwino ndi ulemu kwa katswiri. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ndinaonapo pa bungwe lina laling'ono, limene sindilitchula, fayilo yokonzedwa mwaluso kwambiri ndi mlendo amene anakhala mwezi umodzi. Inali ndi mitundu, mabatani, magilafu odzisintha okha. Atapita, zinadziwika kuti masamba ena anawatseka ndi pasiwedi kuopa kuti wina angasokoneze, ndipo pasiwediyo anakwera nayo ndege. Antchito anabwerera ku kope ndi rula. Sindikuti mlendoyo anali woipa, anagwira ntchito usiku ndi usana. Kungoti panalibe amene analimba mtima kumuuza sabata yoyamba kuti, "Bambo, tipangireni chophweka, choti ife tomwe tizitha kukonza chikathyoka, ndipo mukhale pansi ndi mtsikana uyu mpaka adziwe." Tinkaona ngati kutero n'kusayamika.

Pali chinanso chimene sitingachilumphe. M'marejisitala ndi m'mafomu a basale muli zinsinsi za ana: amasiye ndani, amene akumwa mankhwala ndani, amene anachoka chifukwa cha mimba n'kubwerera ndani, monga lamulo la boma lakhala likuwalolera kuyambira 1997. Zambia ili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2021. Volontiya wodziwa ntchito yake amapempha yekha kuti mayina achotsedwe, pakhale manambala, fayilo isanachoke pasukulu. Amene wachita zimenezi osauzidwa, m'kalata yomuthokoza mulembemonso zimenezo.

Bungwe la United Nations mu 1985 linapatula 5 Disembala kuti likhale tsiku la anthu odzipereka. M'chigwa cha Luangwa tsikuli limagwa pa nthawi yoipa: mvula yayamba, anthu ali kalikiliki kubzala, sukulu zili pa mayeso ndi kutsekera, makampu ambiri a m'tchire atseka ndipo misewu ya dothi lakuda yayamba kumeza magalimoto. Phwando silingachitike bwino. Koma foni imagwira, ukadziwa poima.

Sukulu zambiri za kutali zili ndi malo ake odziwika a netiweki, pachulu kapena pansi pa mtengo wakutiwakuti kuseri kwa bwalo la mpira. Ahedi aja amakwera pamenepo madzulo, nsapato zitalemera ndi matope, foni m'mwamba ngati akuyeza mphepo. Timizere tiwiri tikaoneka amadina kabatani ka mawu pa WhatsApp kuti atumize uthenga kwa akauntanti uja. Amayamba ndi moni wautali, kufunsa za bambo kunyumba ndi ana, kupereka moni wa achiwiri awo ndi wa wapampando. Kenako amafika pankhani: "Amayi, pepala lija tinalipereka, akuti aliona pa msonkhano wa mwezi wamawa. Buku lija tikulembabe, aphunzitsi a giredi 6 ndi amene akulisamala tsopano. Tati tinene zikomo pa zachaka chatha zija." Amapuma pang'ono, kumbuyo kukumveka achule a m'dambo. "Komanso amayi, mukapeza mpata, kolamu ya atsikana ija yayamba kulemba zachilendo. Tikuganiza kuti wina anafufuta fomula."